Ndinkati tsobola wakale sawawa

Lamulungu lina masana mu 2012 ndinaimbira foni amayi anga ndili m'kachipinda kanga ka pansi pa nyumba ku Silver Spring, ku Maryland. Kumudzi dzuwa linali litalowa. Mawu awo ankamveka kuti ali ndi nkhani yabwino. Mwana wa mlongo wanga anali atakhoza kalasi, ndipo tsiku limenelo anaima pamaso pa akulu a mpingo n'kunena pamtima Chikhulupiriro cha Atumwi chonse osaphonya liwu. Amayi ankafuna kuti ndikondwere nawo.

Ine ndinati, "Amayi, zimenezo n'zolemba anthu. Mundionetse m'Baibulo pamene palembedwa katekisma. Mundionetse vesi ya duku loyera limene mumavala ku Chigwirizano." Ndinatsegula Maliko 7 n'kuwawerengera za Afarisi ndi miyambo ya makolo awo, ndikukweza mawu ngati ndili pa guwa.

Anakhala chete mpaka ndinaganiza kuti khadi yatha. Kenaka anati, "Aphiri, ndamva. Koma Baibulo mukundiwerengeralo anakupatsani ndani?" Ndinayankha kuti ndinagula ndekha ku Lilongwe ndi ndalama zanga. Iwo anati, "Chabwino, bambo. Mudye bwino kumeneko." Sanadzandiuzenso nkhani ya kutchalitchi mpaka imfa yawo.

Ndinakulira pafupi ndi phiri la Nkhoma, mu CCAP. Ndinabatizidwa ndili khanda, kalasi ndinalowa, funso ndi yankho ndinaloweza pansi pa mtengo, mkulu wa mpingo atagwira buku lothothoka chikuto. Nditapita ku Lilongwe kukagwira ntchito ndinalowa felowoshipu, ndipo sindidzakana kuti kumeneko Ambuye anandigwira mtima zenizeni. Ndinasiya mowa, ndinayamba kukonda Malemba ngati munthu wa ludzu. Koma pamodzi ndi moto umenewo ndinatolanso nthenda ya kunyoza. Mipingo imene inatilera tinkaitcha yakufa. Liwu loti mwambo linkanunkha m'kamwa mwathu. Gule wamkulu, kusasa fumbi, kolona ya Akatolika ndi katekisma ya a Nkhoma, zonse tinkaziponya m'dengu limodzi. Wina akatchula zimene akuluakulu ankaphunzitsa, tinkati tsobola wakale sawawa.

Ku America ndinafika mu 2008, ndipo monga Amalawi ambiri kuno ndinapeza ntchito yosamalira okalamba, ya usiku. Mu 2011 tinayamba kukumana Loweruka madzulo m'kachipinda kanga kaja, anthu khumi ndi awiri kapena khumi ndi asanu, Amalawi ndi abale athu a ku Chipata. Azimayi a m'gululo ankabwera ndi nsima ya ufa wogula ku Langley Park, yokutidwa bwino kuti isazizire m'basi. Lamulo la gululo ndinaika ndine: Baibulo lokha. Pasakhale buku lina, katekisma, kapena mawu a mbusa wa kumudzi. Anthu anayamba kunditchula kuti abusa ngakhale palibe amene anandidzoza, ndipo sindinawaletse. Lero ndikudziwa kuti ndikamati Baibulo lokha, ndinkatanthauza Baibulo ndi ine.

Usiku wina mu 2013, okalamba onse atagona, ndinkawerenga Akolose 1:15 pamene Khristu akutchedwa woyamba kubadwa. Ndinathamangira ku Miyambo 8:22, kenaka ku Yohane 14:28 pamene Yesu akunena za ukulu wa Atate. Mtima unagunda ngati ndatola chikwama cha ndalama pamsewu. Ndinafufuza pa foni liwu loti Utatu ndipo m'Baibulo silinapezeke. Pa YouTube ndinapeza anthu ambiri onena kuti chiphunzitsochi anachipanga ndi mfumu Constantine pofuna kugwirizanitsa ufumu wake. Pofika m'mawa, ndili pa siteshoni kudikira sitima ya Red Line, ndinali nditatsimikiza kuti Mulungu wandiululira chimene mpingo unabisa kwa zaka mazanamazana: Yesu ndi wamkulu kuposa angelo onse, koma ndi cholengedwa choyamba.

Ndinaphunzitsa zimenezi Loweruka zisanu ndi chimodzi zotsatizana. Pa Loweruka lachitatu, mayi wina wachikulire wa ku Chipata, amene anakulira mu Reformed Church in Zambia, anakweza dzanja mwaulemu. Anati, "Abusa, pepani, ine sukulu sindinapite nayo patali. Koma ngati Yesu ndi cholengedwa, ife tikamamugwadira, sitikupembedza cholengedwa? Nanga cholengedwa chingapulumutse cholengedwa chinzake?" Ndinawauza pamaso pa onse kuti amangidwa ndi mwambo wa azungu a mishoni. Anadikira pemphero lotsekera, anatenga mbale zawo, ndipo sanabwerenso.

Amene anandikhulupirira kwambiri anali mnyamata wa ku Ntcheu, wophunzira pa koleji ina kuno, amene ankandiitana kuti ankolo. Ankakhala kutsogolo ndi kope, kulemba liwu lililonse.

Kuntchito ndinkasinthana zipinda ndi bambo wina wachikulire wa ku Ethiopia. Anzake ankamuitana Gashe, liwu laulemu la kwawo kwa mwamuna wamkulu, ndipo nanenso ndinazolowera kumuitana choncho. Dera la Washington lili ndi anthu a ku Ethiopia ochuluka kwambiri. Ukayenda mu Fenton Street ku Silver Spring fungo la khofi wawo wokazinga limakutsata. Lachitatu lina usiku ndinamugawira nkhuku yanga. Anathokoza n'kukana, nati Lachitatu ndi Lachisanu sadya nyama, mazira kapena mkaka. M'mbale mwake munali injera ndi ndiwo ya nyemba zopera imene amaitcha shiro. Ine, wachizolowezi changa, ndinatsegula Akolose 2:16 ndi 1 Timoteo 4, n'kumuuza kuti kusala kwa masiku oikika ndi malamulo a anthu.

Sanakwiye. Anapukuta zala, nati, "M'bale wanga, Baibulo lako lili ndi mabuku angati?" Ndinati 66. Anati, "Lathu lili ndi 81. Ndionetse vesi imene imanena kuti akhale 66." Ndinatsegula tsamba loyamba la zam'katimu n'kumulozera. Anayang'ana tsambalo, kenaka anayang'ana ine. "Tsamba limeneli analemba ndi Paulo kapena Petulo?" Kenaka ananditsegulira kalata ya Yuda, ndime 14 ndi 15, pamene mtumwi akutchula uneneri wa Enoki. Anandifunsa kuti uneneri umenewo uli pati m'Chipangano Chakale changa. Sunalimo. Uli m'buku la Enoki, limene lathunthu linasungika m'chinenero cha Ge'ez chokha, m'manja mwa mpingo wa kwawo.

Belu la chipinda china linalira ndipo ndinapita kukatembenuza gogo wina pabedi. Manja ankagwira ntchito koma m'mutu munali mawu a amayi anga: anakupatsani ndani?

Sindinapite ku laibulale kukaphunzira, ndinapita kukafuna zida zomugonjetsera Gashe. Zimene ndinapeza zinandithyola mafupa. Mndandanda wakale kwambiri umene tili nawo wotchula mabuku 27 a Chipangano Chatsopano ndendende monga alili m'Baibulo langa uli m'kalata ya Pasaka ya chaka cha 367, yolembedwa ndi Athanasius, bishopu wa ku Alexandria ku Egypt. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 397 unavomereza mabuku omwewo. Iwo sanapange Malemba, ayi. Anachitira umboni mabuku amene mipingo inali ikuwerenga m'mapemphero kuyambira kwa atumwi, n'kusiya pambali ena amene ankadzitcha dzina la mtumwi koma mawu ake anali achilendo. Komabe ine, amene ndinkati sindimvera munthu, tsiku lililonse ndinkatsegula buku limene malire ake ndinalandira kwa anthu amenewa osafunsa.

Kenaka ndinakumana ndi vumbulutso langa lija. Linali ndi dzina, ndipo dzinalo silinali langa. Kuchiyambi kwa zaka za m'ma 300, wansembe wina wa ku Alexandria komweko, Arius, anaphunzitsa kuti Mwana analengedwa ndipo inalipo nthawi imene kunalibe Mwana. Anthu a mbali yake ankatsamira pa Miyambo 8:22 yomwe ija. Nkhaniyi ndi imene inasonkhanitsa mabishopu ku Nicaea mu 325. Ndipo mtima wa yankho la Athanasius, amene moyo wake wonse anauthera pa nkhondo imeneyi, unali uwu: cholengedwa sichingapulumutse cholengedwa, ndipo mpingo sukanagwadira Khristu kuyambira pachiyambi akanakhala wopangidwa. Ndinatseka bukulo n'kugwira kumutu. Awa anali mawu a mayi wa ku Chipata uja, amene ndinamuchititsa manyazi pagulu. Iye dzina la Athanasius sankalidziwa, koma katekisma imene analoweza ali mtsikana inamufikitsira nzeru imeneyo kudutsa zaka 1,600.

Nkhani ya Constantine nayo inagwa. Tertullian wa ku Carthage anali atalemba kale liwu la Chilatini la Utatu cha m'ma 200, Constantine asanabadwe n'komwe. Ndipo boma silinali bwenzi la chiphunzitsochi monga ankanenera a pa YouTube. Constantine yemweyo anapirikitsa Athanasius kupita ku Trier mu 335, ndipo mwana wake Constantius ankakondera otsutsa Nicaea. Athanasius anachotsedwa pa mpando wake kasanu. Za liwu loti woyamba kubadwa, ndikanangofunsa agogo aliyense kumudzi akanandiuza kuti uchisamba ndi udindo, si tsiku lobadwa lokha. Salimo 89:27 limapereka udindo umenewo kwa Davide, amene kwawo anali chitsirizira. Ndipo ndime yotsatira mu Akolose momwemo ikuti zonse zinalengedwa mwa Iye. Ndinali nditaima pa ndime 15 chifukwa ndi pamene panali chimene ndinkafuna.

Ngakhale Lachitatu ndi Lachisanu la Gashe ndinalipeza. Kabuku kotchedwa Didache, kamodzi mwa zolemba zakale zedi za Akhristu kunja kwa Chipangano Chatsopano, kamalangiza kusala masiku awiri omwewo.

Chinandipweteka m'njira ina ndi choti onsewa ndinkawatcha azungu. Alexandria, Carthage, ndi Hippo kwa Augustine, konseku ndi ku Africa. Athanasius ndi amene anadzoza Frumentius kukhala bishopu woyamba wa ku Aksum ku Ethiopia, m'masiku a mfumu Ezana. Pamene amishoni A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok ankamanga msasa ku Mvera mu 1889, makolo a Gashe anali atakhala akubatiza ana kwa zaka zoposa 1,500.

Mu mzinda wa Washington momwemu, ku Freer Gallery of Art, mumasungidwa buku la Mauthenga Abwino anayi la Chigiriki lolembedwa pamanja pa zikopa cha m'ma 400, limene Charles Lang Freer anagula ku Egypt mu 1906. Saliika poyera kawirikawiri chifukwa kuwala kumaliwononga, koma zithunzi za masamba ake ndinaziyang'ana nthawi yaitali. Zilembo zangondondozana popanda mpata pakati pa mawu. Mulibe nambala ya chaputala kapena vesi, ndipo Yohane akubwera pambuyo pa Mateyu, Maliko n'kukhala womaliza. Machaputala amene timawadziwa anagawidwa ndi Stephen Langton m'zaka za m'ma 1200, mavesi a Chipangano Chatsopano ndi Robert Estienne mu 1551. Ine amene ndinkafuula kuti mundionetse vesi, vesi yeniyeniyo inali mphatso ya anthu akale. Ndinkaganiza za munthu amene anakhala pansi ndi bango ndi inki kukopera chilembo chimodzichimodzi, maso akuwawa, kuti uthengawo usafe. Ndinaganizanso za Buku Lopatulika la 1922 limene William Murray ndi Amalawi omuthandiza anavutikira zaka zambiri. Liwu loti Mulungu iwo sanabwere nalo pa sitima, analipeza m'kamwa mwa makolo athu. Buku Loyera la 1998 linasankha Chauta pamene lakale lija linati Yehova. Paliponse pamene ndinkati ndili ndekha ndi Mawu, panali manja a anthu.

Mu Epulo 2015 Gashe ananditenga ku mapemphero a usiku wa Pasaka, amene iwo amati Fasika, ku tchalitchi cha Debre Selam Kidist Mariam mu Washington. Tinavula nsapato pakhomo. Anthu onse anali atafunda nsalu zoyera, amuna mbali yawo, akazi mbali yawo, monga timakhalira kwathu ku Nkhoma. Anali atasala masiku 55. Okalamba ankatsamira ndodo zazitali zopempherera chifukwa kuima kunali kwa maola ambiri. Utsi wa lubani unadzaza m'nyumba, ng'oma zikuluzikulu zikugunda pang'onopang'ono. Chinenero sindinkamva ngakhale liwu limodzi. Pafupi nane panali mnyamata wa zaka ngati khumi, wobadwira konkuno, tulo tikumulemera, koma milomo yake ikutsatira mawu a agogo ake. Ndinakumbukira mwana wa mlongo wanga ataima pamaso pa akulu a mpingo, ndipo misozi inatsika osaiitana.

Sindinalowe mpingo wa Gashe, ndipo ndinene poyera kuti pali zambiri zimene sindivomereza. Kupempha Mariya ndi oyera mtima kuti andipempherere sindichita. Mabuku anga akadali 66. Ndimakhulupirirabe kuti Malemba ali pamwamba pa msonkhano uliwonse, ndipo mwambo ukhoza kulakwa. Mipingo yathu yomwe inasungapo miyambo yosankhana khungu imene inayenera kugwetsedwa ndi Mawu. Koma anthu amene anayambitsa mawu oti Malemba okha sankatanthauza zimene ine ndinkachita. John Calvin ankatchula Augustine kosalekeza. Katekisma ya Heidelberg ya 1563, kumene kuli mizu ya zimene tinkaloweza pansi pa mtengo paja, imatenga Chikhulupiriro cha Atumwi n'kuchifotokoza chiganizo ndi chiganizo. Pabwalo la milandu mfumu ndi imene imagamula, koma mfumu yanzeru siyamba kulankhula nduna zisanafotokoze mmene mlandu wotere unathera kale. Ine ndinathamangitsa nduna zonse, kenaka ndinakhala pa mpando wa mfumu.

Nditabwerera ku Maliko 7 n'kuwerenga mofatsa mpaka ndime 13, ndinachita mantha. Mwambo umene Yesu akudzudzula pamenepo ndi wa munthu amene akuuza atate ndi amake kuti chimene akanawathandiza nacho wachipereka kwa Mulungu, motero akuphwanya lamulo lolemekeza makolo pogwiritsa ntchito chipembedzo. Ndi chaputala chimenechi chimene ndinakwapula nacho amayi anga. Ndipo liwu la Chigiriki lomwelo la mwambo, Paulo akuligwiritsa ntchito pa 2 Atesalonika 2:15 ndi 1 Akorinto 11:2 polimbikitsa Akhristu kugwiritsitsa zimene anawapatsira.

Ndinatsimikiza kupepesa kwa amayi. Koma ndinaona kuti kupepesa kwa pa foni n'kopepuka, ndipo ndinati ndidikire mapepala anga okhalira kuno akonzeke kuti ndikagwade pamaso pawo. Mlungu uliwonse tinkalankhula za mvula, za feteleza, za fizi ya adzukulu. Kangapo mawu anafika pakhosi, ine n'kuwabweza. Mu Ogasiti 2015 achimwene anaimba foni usiku ndili kuntchito. Amayi anagwa akuchokera kudimba, ndipo pofika kuchipatala anali atatisiya.

Mapepala anali asanatuluke. Maliro ndinawamvera pa WhatsApp, foni ili m'thumba la malaya a achimwene. Ndinkamva mapazi, kutsokomola, ndi nyimbo za amayi a Chigwirizano amene anachezera usiku wonse. Amayi a maduku oyera amene ndinawafunsira vesi ndi amene anasambitsa thupi la mayi wanga, kuliveka, kuphikira anamalira, ndi kunyamula nkhata mpaka kumanda. Ine wodziwa mavesi ndinali pa mpando wa pulasitiki ku Silver Spring, foni ili kukhutu.

Patapita miyezi, munthu wina wochokera kumudzi anandibweretsera kaphukusi: usipa, ufa wa mgaiwa pang'ono, ndi katekisma ya amayi yokulungidwa m'chitenje. Imanunkhabe utsi wa kukhitchini. M'mphepete mwa masamba analembamo ndi pensulo mayina a ana awo, aliyense pafupi ndi funso limene linamuvuta pa kalasi. Dzina langa lili pa gawo lonena za Mwana wa Mulungu.

Loweruka lotsatira ndinaima pamaso pa gulu lija n'kunena kuti ndinawaphunzitsa bodza, ndipo asanditchulenso abusa. Ena anakhululuka pomwepo, ena anakhumudwa n'kuchoka, ndipo sindiwaimba mlandu. Mayi wa ku Chipata uja ndinakawapeza kunyumba kwa mwana wawo ku Hyattsville. Ndinagwada pa kapeti. Anandigwira paphewa nati, "Dzukani, mwananga. Ine ndinkakupemphererani kwa Yesu yemweyo." Anandiphikira tiyi. Tsopano ndimapemphera pa mpingo wina wa Presbyterian kuno, ndimakhala kumbuyo, ndipo tikaimirira kunena Chikhulupiriro cha ku Nicaea, pofika pa mawu onena kuti Mwana sanachite kulengedwa, lilime limandilemera.

Mnyamata wa ku Ntcheu uja anali atasiya kubwera kale. Ndinamupempha kuti tikumane ndipo tinakhala m'kanyumba ka khofi ku Wheaton. Ndinamufotokozera zonse, za Arius, za Athanasius, za 367. Anamvetsera mpaka kumapeto, akuzunguza kapu yake patebulo. Kenaka anati, "Ankolo, munatiuza kuti mabishopu aja anali andale ndipo tisawakhulupirire. Ine ndinapita kukawerenga, ndipo ndinapeza kuti ndi omwewo amene anatiuza mabuku oti tiziwerenga. Ngati ananama pa chimodzi, ndiwakhulupirire bwanji pa chinacho? Ine ndinangomaliza ntchito imene munaiyamba inu." Anandiuza kuti sapempheranso, ndipo kope lija analitaya. Sanalankhule mwamwano. Analipira khofi wa tonse awiri n'kupita.

Anasamukira ku boma lina. Amayi ake kumudzi akuganiza kuti mwana wawo amapitabe kutchalitchi. Lamulungu loyamba la mwezi uliwonse, ndikatuluka ku Mgonero, ndimakhala m'galimoto n'kumuimbira. Nthawi zambiri foni imangoitana. Mwezi wathawu anayankha, tinalankhula za ntchito yake ndi za mtengo wa matikiti opita ku Lilongwe, ndipo potsazikana anati ndidzaimbenso.